Ndinaima pakati pa mlatho wa Kingshighway

Papita zaka zitatu tsopano, koma phazi langa lamanja silinaiwale. Ndikangoona chikwangwani cha Kingshighway, msewu wa m'tauni wodutsa pa mlatho pamwamba pa msewu waukulu wa I-64 kuno ku St. Louis, ku America, phazilo limayamba kusendera lokha ku buleki, popanda wolituma. Ndimachita kuliuza chamumtima kuti khala pomwepo.

Ine si mlendo pa chiwongolero. Ku Lilongwe ndinayendetsa zaka 14. Ndadutsapo mu Malangalanga Loweruka masana, maminibasi ataima paliponse, akabaza akutulukira m'mbali ngati ziwala, koma sindinagundepo ngakhale nkhuku. Komabe usiku wina wa mu Januwale ndinaima chiriri pakati pa mphambano yaikulu, mwana wanga ali kumpando wakumbuyo, thiraki ili pamsana panga. Palibe anavulala, galimoto sinakalike n'komwe. Chomwe chimandisowetsa tulo ndi chinthu china chimene manja anga anatsala pang'ono kuchita, ndipo anafuna kuchichita pomvera lamulo lomwe ndinkalikhulupirira ndi mtima wonse.

## Lamulo la phewa

Aliyense wochokera kumudzi akafika kuno amapeza kanjira kake kodzikumbutsira kuti asalowe mbali yolakwika. Wina amamata kapepala pa dashibodi, wina amavala chibangili kudzanja lamanja. Ine anandiphunzitsa ndi alamu anga, amuna awo a achemwali anga, omwe amayendetsa mathiraki a maulendo ataliatali.

"Alamu," anatero tsiku loyamba lomwe ndinagwira chiwongolero cha kumanzere, "za manja ndi manzere zisiyeni, zidzakuzunguzani mutu. Ingokumbukirani kuti dalaivala amakhala chapakati pa msewu. Kwathu zili choncho, kunonso zili choncho. Obwera kutsogolo azidutsa phewa lanu, osati phewa la amene mwamunyamula."

Lamulo limeneli linandigwira dzanja miyezi isanu ndi itatu. Mayeso a laisensi, omwe kuno m'boma la Missouri amayesa ndi apolisi a pamsewu a Highway Patrol, ndinakhoza ulendo woyamba. Ndikaweruka ntchito ya usiku, maso ali psuu, ndikutuluka poimika magalimoto mumsewu mulibe aliyense woti ndimutsatire, ndinkangoyang'ana phewa langa. Mzere wachikasu uli mbali yanga? Ndiye kuti ndili bwino. Paja kwathu wachikasu umakhala m'mphepete mwa msewu, pomwe kuno umakhala pakati, kulekanitsa opita ndi obwera. Ndinafika poti sindinkaganizanso. Thupi linali litaloweza.

## Usiku uja

Tinkachokera ku mapemphero m'katikati mwa tauni, cha m'ma 9 koloko. Alamu thiraki yawo anali ataisiya ku yadi, ndiye ndinkawaperekeza kunyumba. Masiku onse ndinkayenda m'timisewu ta m'tauni, koma tsiku limenelo GPS inatilowetsa mu I-64 kulowera kumadzulo, n'kutiuza kuti titulukire pa Kingshighway ndi kukhotera kumanzere. Sinowo inali itagwa pang'ono madzulo. Siinali yambiri, koma itasakanikirana ndi mchere womwe amathira mumsewu, phula lonse linangoti mbuu, mizere osaoneka.

Ndinakwera kamsewu kotulukira, ndinapeza maloboti ali ofiira, ndinaima. Ndinali woyamba pamzere. Mfundo imeneyi ndi yaikulu, ndipo ndinaizindikira pambuyo pake: kukanakhala galimoto ina patsogolo panga ndikanangoitsatira, ndipo mwina nkhaniyi sindikanailemba. Koma kutsogolo kwanga kunali bwalo lalikulu la phula, lotakasuka ngati bwalo la mpira, lopanda chilumba chozungulira, lopanda ngodya yoti maso agwirepo. Kumbuyo kunaima thiraki, magetsi ake atadzaza kalilole wanga yense.

Muvi unabiriwira. Ndinanyamuka, ndikukhota pang'onopang'ono, ndikufunafuna ndi maso komwe msewu wanga ukuthera. Ndili chapakati, ndinaona magetsi a magalimoto akubwera molunjika ine, ali waliwali, ndiye akubwerera mbali yomwe alamu anakhala. Kumanja kwanga. Phewa lolakwika.

M'mutu mwanga munangomveka mawu amodzi okha: walowa mbali ya eni ake. Ndinaponda buleki mpaka pansi. Galimoto inatsetsereka pang'ono pa chinyezi chija n'kuima. Hutala ya thiraki inalira kumbuyo, yoti mpaka m'mimba munanjenjemera. Mwana wanga, yemwe pa nthawiyo anali ndi zaka 13, anakuwa, "Amayi!"

Apa ndiye pamene pali nkhani. Manja anga anayamba kupotoza chiwongolero kumanja. Ankafuna kukonza cholakwacho, kuti magalimoto aja adutse phewa langa monga lamulo linkanenera. Kukonza kwake kunali kukadzipereka kutsogolo kwa magalimoto omwe ankabwera ndi liwiro, onse ali ndi muvi wobiriwira, onse ali pa njira yawo yoyenera.

Alamu anaika dzanja lawo pa chiwongolero n'kuchigwira gwa. Sanakalipe. Anangonena motsitsa mawu, koma mwamphamvu, "Alamu, muli bwino. Musakhote. Kumanzere komweko, pitani. Pitani, alamu."

Magalimoto aja anadutsa mmodzimmodzi mbali ya alamu, osatikhudza, ena akuliza hutala. Ndinaona muvi ukusanduka wachikasu, kenako wofiira, ine ndikadali pakati. Uku ndi uku mu Kingshighway munali mizere ya magalimoto yodikira nthawi yawo. Panadutsa kamphindi komwe maloboti onse anali ofiira, malo onse ali zii, ndipo m'kamphindi komweko phazi langa linamvera. Ndinatuluka pa mlathowo, thiraki ija ikundilondola pang'onopang'ono, yatsala ndi ngolo yake pakati pamene enawo ankapatsidwa chobiriwira. Ndiye kuti mantha anga anaikanso dalaivala uja pamalo oipa, munthu amene sanalakwe chilichonse.

Ndinakaima pamalo omwetsera mafuta patsogolo pake. Manja ankanjenjemera moti makiyi ndinalephera kuwazimitsa bwino. Mwana anatambasula dzanja kuchokera kumbuyo n'kundigwira paphewa, phewa lomwelo la lamulo, osalankhula kanthu. Kuchokera pamenepo anayendetsa ndi alamu.

## Chithunzi cha pa envelopu

Titafika kwawo, achemwali anateleka tiyi. Alamu anatenga envelopu ya bilu ya magetsi n'kuitembenuza.

"Lamulo lija ndinakupatsani ndine," anatero, "ndiye kulakwa kwina ndi kwanga. Ndinaiwala kukuuzani kuti pali malo ena pomwe silimagwira."

Anajambula mizere iwiri ya msewu waukulu, wina wodutsa pamwamba pake, kenako timisewu tinayi tokhota ngati mauta, tonse tokumana pakatikati pa mlatho. Anati dzina lake ndi single-point urban interchange, madalaivala amangoti SPUI. Pa mphambano zambiri za misewu ikuluikulu kuno, maloboti amakhala pawiri, tsidya lino la mlatho ndi tsidya linalo, ndipo pakati pake magalimoto amathithikana kudikira kukhota. Apa akatswiri anasonkhanitsa zonse pamalo amodzi, kuti gulu limodzi la maloboti lizilamulira mphambano yonse.

Kenako anawerenga ndi zala. Nthawi yoyamba amapita ndi omwe akungodutsa mowongoka mu msewu wa m'tauni, mbali zonse ziwiri. Nthawi yachiwiri ndi ya omwe ali mu msewu wa m'tauniwo koma akukhotera kumanzere kukalowa mu msewu waukulu, nawonso mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Yachitatu ndi yomwe ndinalimo ine: otuluka mu msewu waukulu n'kukhotera kumanzere, ochokera kum'mawa ndi ochokera kumadzulo, onse pamodzi. Zitatu basi, kenako zimayambiranso. N'chifukwa chake pamadutsa magalimoto ambiri pa malo ochepa.

Anaika nsonga ya bolopeni pakati. "Taonani apa. Inu mukukhota chonchi, mnzanu wa tsidya lija akukhota chonchi. Njira zanu sizidutsana. Mumakhota aliyense asanafike pa mnzake, ndiye amakudutsani mbali ya pasinjala. Kwa masekondi angapo, alamu, pakati pa mlathowu mumayenda ngati muli pa M1."

Ndinayang'anitsitsa envelopuyo. Zinali zoona. Obwera kutsogolo kudutsa kumanja, ndi mmene ndinayendera zaka 14. Chomwe ndinachiona usiku uja chinali chinthu chomwe maso anga anachizolowera kuyambira ndili mtsikana, koma ndinali nditadziphunzitsa kwa miyezi isanu ndi itatu kuti ndikachiona ndiye kuti imfa yafika.

Ndinawafunsa kuti nanga pa maloboti wamba si zimachitikanso chimodzimodzi, awiri okhotera kumanzere akapatsidwa muvi pamodzi? Anavomera. Koma pamenepo ngodya imakhala yaifupi, mumakhota mwakachetechete, musanaganize n'komwe mwadutsana kale. Pa SPUI uta wake ndi wautali ndi wotakasuka, magalimoto amakhota ndi liwiro lokulirapo, ndipo mumayang'anizana maso ndi maso kwa nthawi yokwanira kuti mtima uyambe kufunsa mafunso.

Ananenanso china chomwe chinandilasa. Iwo ngati dalaivala wa thiraki malo amenewa amawakonda, chifukwa ngolo imakhota bwino osakwera m'mphepete. Chomwe amaopa ndi chimodzi: kagalimoto kakang'ono koima mwadzidzidzi pakati. Thiraki yodzaza kuno imaloledwa kufika mapaundi 80,000, omwe ndi matani pafupifupi 36. Dalaivala akapatsidwa muvi n'kuyamba kukoka katundu ameneyo, sayembekezera kuti wa patsogolo pake aima pamalo pomwe palibe chomuimitsa. "Uja anali tcheru," anatero. "Mukamapemphera muzimukumbukira." Ndimamukumbukiradi, ngakhale nkhope yake sindinaione.

## Lamlungu m'mamawa

Kwa masabata awiri ndinkazungulira njira yaitali kuti ndisadutsepo. Kenako ndinaona kuti sizithandiza, chifukwa pa Hampton, potulukira potsatira, anamanganso mofanana, ndipo m'mizinda ina muli ambiri. Ndiye Lamlungu lina ndinadzuka 6 koloko, kukuwala, phula litauma, ndinapita ndekha.

Ulendo woyamba ndinadikira dala kuti ndikhale kumbuyo kwa galimoto ina. Ndipo pamenepo ndinaziona: timizere toyera toduladula, tojambulidwa mokhota kuchokera pa mzere woimira mpaka kukalowa mu leni ya tsidya lina. Njira yonse inali yolembedwa pansi. Usiku uja tinali titakwiririka ndi matope a sinowo, koma kunena zoona ngakhale tikanaoneka sindikanatiyang'ana, chifukwa maso anga anali pa magetsi a anthu ena.

Ndinatuluka, ndinakatembenukira patsogolo, ndinabweranso. Kuchokera kum'mawa, kuchokera kumadzulo, kulowa mu msewu waukulu, kutulukamo. Ndinasiya kuwerenga nditakwana maulendo khumi. Ulendo uliwonse magalimoto a tsidya lija akamabwera mbali ya pasinjala, ndinkalankhula mokweza ndekha m'galimoto, "Ndi njira yawo, iyi ndi yanga." Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'mawa umenewo ndinadekha mpaka ndinayamba kumva kayendedwe ka malowo, kudziwa kuti ukatha muvi wa awa ubwera wa awo.

Mayi wina wachikulire amene ndinkamusamalira nthawi imeneyo, wobadwira konkuno, nditamufotokozera anandiuza kuti ngakhale eni mudzi anavutika pachiyambi. Iwo msewuwu sautchula I-64, amati Highway 40. Unamangidwanso wonse chigawo chimenechi: theka la kumadzulo analitseka chaka cha 2008, theka la kum'mawa, komwe kuli Kingshighway ndi Hampton, chaka cha 2009, n'kutsegula mu Disembala. Kale pa Kingshighway panali mphambano ya timisewu tozungulira ngati masamba anayi, mtundu womwe a ku Lilongwe akuudziwa tsopano pa Area 18. Anthu omwe anazungulira masamba amenewo moyo wawo wonse anadzuka tsiku lina n'kupeza bwalo lomwe ndinaimapo ine. Mamangidwe a SPUI si atsopano ayi. Yoyamba inamangidwa mu 1974 ku Clearwater, m'boma la Florida, pomwe msewu wa US 19 umakumana ndi wa State Road 60. Zinanditonthoza kumva kuti kusokonezeka kwanga sikunali kwa mlendo yekha, ngakhale kuti kwa ife a kumanzere kuli ndi msampha wakewake.

## Zonse zimathera pa mzere woimira

Chomwe chinasintha kwambiri mwa ine ndi malo omwe ndimaganizira. Kale ndinkalowa mu mphambano ndikuganiza, monga timachitira pa raundabauti kwathu: ukulowa, ukuyang'ana, ukupima mnzako, mwina ulowe mwina udikire. Pa raundabauti maso ndi mtima zimakambirana mpaka utatuluka. Pa SPUI kukambiranako kuyenera kutha usanadutse mzere woyera. Ukangoudutsa, yatsala ndi ntchito imodzi, kutsatira timizere tako mpaka tsidya.

Ndiye ndimayamba kusankha leni ndikadali pa kamsewu kotulukira. Ngati okhotera kumanzere ali ndi maleni awiri, ndimadzifunsa kuti ndikatuluka pa mlatho ndikufuna kukakhala mbali iti, n'kulowa mu leni yomwe ikandifikitse kumeneko. Pakati pa uta sindisintha leni ngakhale GPS ilankhule chotani. Ngati pambali panga pali thiraki, ndimaisiya itsogole pang'ono, chifukwa matayala a ngolo sadutsa pomwe mutu wadutsa, amadula ngodya.

Ndikaima pa mzere ndimafunafuna loboti langa, lomwe lili ndi muvi woloza komwe ndikupita, n'kusiya enawo. Poti onse ali pamalo amodzi, maso amatha kugwira chobiriwira cha eni ake n'kunyamula phazi. Muvi ukabiriwira sindithamanga kunyamuka. Ndimaponya maso uku ndi uku kaye, chifukwa bwalolo ndi lalikulu, ndipo wina amene analowa mochedwa akhoza kukhala asanatuluke. Ine ndinakhalapo munthu ameneyo.

Za chachikasu ndiye ndimaumirira kwambiri, ndipo apa ndimatsutsana ndi anzanga ena omwe amati chachikasu n'choti uponde moto. Pa maloboti a m'kanjira ka kumudzi mwina ungapulumuke. Apa mtunda wochokera pa mzere woimira kukafika tsidya ndi wautali kwambiri. Akatswiri amadziwa, n'chifukwa chake amaika kamphindi koti onse akhale pa chofiira asanatsegulire ena. Kamphindi kameneko ndi komwe kanandipulumutsa. Anakaikira munthu amene walowa pa nthawi yake kuti amalize kutuluka, ndipo amene amakadyeratu polowa mochedwa amakhala akubera wina amene tsiku lina adzakafuna ngati mmene ndinakafunira ine. Ndikaona chachikasu ndisanafike pa mzere ndipo ndingathe kuima bwinobwino, ndimaima, wa kumbuyo alize hutala mmene angathere.

Ukatulukira polakwika, pa malo ambiri otere sungangowoloka mowongoka kuti ubwerere mu msewu waukulu monga zimathekera pa mphambano zina. Njira yowongoka kulibe. Umakhota basi, kumanja kapena kumanzere, n'kukatembenukira patsogolo pomwe n'pololedwa. Zimatenga mphindi zitatu kapena zinayi. Ndazichitapo kangapo ndipo palibe chomwe ndinataya.

## Kumanja nako kuli ndi zake

Ndalankhula kwambiri za kumanzere chifukwa ndi komwe ndinapsa, koma alamu amanena kuti kugundana kwambiri komwe iwo amakuona pa malo otere ndi kwa okhotera kumanja. Iwowa amakhala ndi kanjira kawokawo kopatuka asanafike pakati. Pena pamakhala chikwangwani cha Yield, choti upatse ena mpata, pena loboti lakelake, ndiye uyenera kuwerenga chomwe chilipo, osati chomwe unachiona pa mlatho wina.

Chimachitika n'choti wa patsogolo amasendera, wa kumbuyo n'kuganiza kuti wapita, n'kutembenuza khosi kumanzere kuyang'ana mpata, n'kuponda moto. Pomwe wa patsogolo uja anaimanso. Ndiye ine ndinadziikira kuti khosi sindilitembenuza mpaka galimoto ya patsogolo panga itachokadi, ndikuiona ndi maso kuti yalowa.

Pa kanjira komweko ndi pomwe amawolokera oyenda pansi. Pa Kingshighway amakhalapo ambiri, chifukwa Forest Park ili pomwepo, zipatala zili pafupi, anthu a mayunifolomu amayenda wapansi usana ndi usiku. Dalaivala maso ali kumanzere, munthu akuchokera kumanja. Ine ndayendapo wapansi pamenepo dala kuti ndimve mmene zimakhalira, ndipo ndinadziona kuchepa. Malowa anawapangira magalimoto, munthu wa miyendo iwiri kapena wa njinga amachita kupempha. Wa njinga akalowa kumapeto kwa chobiriwira, mwina sangamalize bwalo lonselo ena asanatsegulidwe. Kuyambira tsiku limenelo ndisanalowe ndimayang'ananso kumanja komaliza.

Sinowo ikakwirira timizere, ndimachepetsa liwiro, n'kuyang'ana komwe uta ukuthera: chilumba cha konkire cha tsidya lija chikhale kumanzere kwanga ndikamalowa. Pamenepo lamulo la phewa limabwereranso pa ntchito yake. Magetsi akazima maloboti n'kuti bii, buku la malamulo limati aliyense aime kaye, muzipita mosinthana ngati pa zikwangwani za Stop za mbali zonse. Pa bwalo lalikulu chotere n'zovuta kudziwa anafika poyamba ndani, ndiye ndikamva kuti kwagwa mphepo yamkuntho ndipo magetsi azima dera limenelo, ndimadutsira kwina.

Chaka chatha tinapita ku Springfield, kum'mwera chakumadzulo kwa Missouri. Kumeneko, pomwe I-44 imakumana ndi Kansas Expressway, kuli mtundu wina wotchedwa diverging diamond, woyamba mu America muno, wa mu 2009. Pamenepo ndiye amakuwolotsa dala kuti uyende kumanzere mlatho wonse, kenako n'kukubwezera kumanja. Ndinaudziwiratu tisananyamuke, ndinauona pa mapu, ndinaujambula pa pepala ngati mmene anachitira alamu. Ndinadutsa mtima uli m'malo. Mwana ndi amene anati, "Amayi, ndiye kwathu mumayenda chonchi tsiku lonse?"

## Maola khumi a usiku

Mwana uja tsopano ali ndi zaka 16. Kuno ku Missouri amayamba kuphunzira ali ndi 15, ndipo asanapatsidwe laisensi ayenera kuyendetsa maola 40 ali ndi wamkulu pambali, 10 mwa maolawo akhale a usiku. Wamkulu wake ndine. Ndakhala pa mpando wa pasinjala miyezi yonseyi, phazi likuponda buleki yomwe kulibe.

Iye alibe misewu iwiri m'thupi mwake ngati ine. Anachoka ku Lilongwe asanagwirepo chiwongolero, ndiye magetsi akabwera mbali iliyonse kwa iye ndi magetsi basi. Koma anali m'galimoto usiku uja, ndipo ndinkaona kuti tikamayandikira Kingshighway amakhala chete. Maola a usiku atatsala awiri, ananena yekha.

"Amayi, lero tidutse pa mlatho paja."

Ndinatulutsa envelopu ija, yomwe ndimaisunga mu kabokosi ka pa dashibodi pamodzi ndi mapepala a inshuwalansi. Tinaiona limodzi galimoto isanalire. Ndinamusonyeza uta wake ndi uta wa enawo, ndi pomwe adzadutsane.

Tinalowa mu I-64 kuchokera kutauni, njira yomweyo. Anasankha leni yake tikadali pansi. Titakwera tinapeza chofiira, ndipo zinangochitika kuti tinali oyamba pamzere. Ndinamva pakamwa panga pakuuma. Ndinapinda manja n'kuwakhalira kuti asapite pa chiwongolero.

Muvi unabiriwira. Anayang'ana kumanzere, kumanja, n'kunyamuka. Tili chapakati magetsi aja anabwera, mizere iwiri, ndipo ulendo uno ankabwerera mbali yanga, ine wa pa mpando wa alamu. Ndinawaona akukula pa galasi. Ndinamva mwana akulankhula motsitsa, osati kwa ine, maso ali pa timizere take: "Ndi njira yawo, iyi ndi yanga." Sindikudziwa kuti anandimva liti ndikunena mawu amenewo.

Tinatulukira tsidya, chilumba chili kumanzere kwake. Anayendetsa mpaka pa maloboti otsatira osalankhula, ndipo titaima anapumira m'mwamba n'kundiyang'ana.

"Amayi, tibwererenso kamodzi. Ulendo uno tichokere kumadzulo."